Mukadzipereka pa cipatala, pakhale kalata

Kumaliza sukulu ya unesi si masewera: zaka 3 za dipuloma, kugwira usiku m'mawodi, ndiyeno mayeso a Nursing and Midwifery Council of Zambia. Koma laisensi ikabwera, nchito siibwera nayo pamodzi. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, koma masukulu akutulutsabe manesi caka ciliconse, ndipo ambiri angokhala pa nyumba.

Ndiye cifukwa cake anzathu ena amadzipereka kwaulere pa cipatala ca Chongwe kapena m'makiliniki a kumidzi. Ine ndikuti pitani ndithu. Dzanja likakhala caka osagwira jekeseni limayamba kunjenjemera.

Koma musayambe popanda kalata ya cilolezo yocokera kwa akulu a cipatala. Lembani masiku ndi mawodi amene mwagwiramo, asisita oyang'anira wodi azisaina mwezi uliwonse. Tsiku lofunsira nchito, pakamwa pokha sipadzakhala umboni.

Nanunso a boma, nesi amene wasamalira odwala miyezi yambiri, ndalama ya minibasi akupempha kwa amai ake, muyambe ndiye polemba nchito. Odwala amamudziwa kale, inunso mumudziwe.