Buku la galu lisachoke mu laibulale



Pamsonkhano wa makolo wapitawu, bambo ena anafunsa chifukwa chimene sukulu ya Chisilamu ikusungira buku lomwe ngwazi yake ndi galu. Amanena The Call of the Wild, limene Jack London wa ku America analitulutsa mu 1903. Funsolo ndi lomveka. Ambirife tinakula tikudziwa kuti malovu a galu ndi najisi, ndipo mbale imene galu wanyambita imatsukidwa kasanu ndi kawiri. Komabe ine ndikuti bukulo likhale.

Galuyo, Buck, akubedwa pakhomo pa mbuye wake ku California ndi wantchito wa m'munda amene juga inamusiyira ngongole. Akugulitsidwa n'kukapezeka ku Yukon, m'dziko la Canada, kumene anthu zikwizikwi ankathamangira golide wa ku Klondike cha m'ma 1897. Kumeneko agalu ndiwo ankakoka ngolo zopanda mateyala pamadzi oundana. London sanangomva kwa ena, anapitako yekha, nabwerako akudwala, golide wosaoneka.

Gawo limene ndimafuna mwana aliyense aliwerenge ndi la Hal, Charles ndi Mercedes. Atatuwa akulongedza katundu wopyola muyeso, chakudya cha agalu osachiwerengera bwino, ndipo agaluwo akafooka mankhwala ake ndi chikwapu. Agalu akufa mmodzimmodzi. Buck akupulumuka chifukwa John Thornton akulowererapo Hal ali mkati momumenya. Otsalawo akupitirira ulendo ndipo akumira mumtsinje, anthu ndi agalu omwe.

Mwana wa ku Kasungu nkhani imeneyi siimuvuta kumva. Waona ng'ombe zokhala ndi zilonda za goli zikukoka ngolo ya fodya dzuwa lili pamutu. Waonanso matenanti amene agwira chaka chathunthu, kuchokera ku nazale mpaka kuchigafa, koma mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma amauzidwa kuti chimanga chomwe ankapatsidwa chadya malipiro onse. Lamulo linathetsa utenanti mu 2021, inde, koma lamulo silisintha mtima wa bwana. Ena mwa ana athuwa mawa ndiwo adzakhale eni esiteti.

Pankhani ya chipembedzo, Sheikh athu angatiwongole. Koma Lachisanu lililonse timawerenga Surah Al-Kahf, ndipo galu wa anyamata a m'phanga aja alimo, ali pakhomo pa phangalo. Mtumiki Muhammad (S.A.W) anafotokozanso za munthu amene Allah anamukhululukira chifukwa chotungira madzi galu waludzu ndi nsapato yake. Kuwerenga za galu sikuononga udhu.

Sindikuti zonse za m'bukumo n'zabwino. London amaoneka ngati akuvomereza kuti wamphamvu ndiye mwini dziko: Buck akupha Spitz kuti atsogolere anzake, ndipo pamapeto akulowa m'nkhalango kukakhala ndi mimbulu. Ife sitiphunzitsa zimenezo. N'chifukwa chake mwana asangolitenga n'kukawerengera pakona yekha. Tiziliwerenga naye m'kalasi, tizitsutsana nalo pomwe lalakwa.

Bambo amene munafunsa aja, bukuli ndi lalifupi, mitu yake ndi 7 yokha. Bwerani mudzalibwereke Lachisanu tikatuluka ku Jumu'a, ndipo Insha Allah pamsonkhano wotsatira mudzatiuze mwapezamo zotani.