Fayilo yanu ikuti kwanu n'kuti?

Fomu zambiri za ntchito m'dziko muno sizifunsa mtundu wa munthu poyera. Zimafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, koma mabwana ambiri akawerenga mizere itatuyi amamvamo mtundu. Akaona Rumphi amati Mtumbuka, akaona Thyolo amati Mlomwe, akaona Dowa kapena Ntchisi amati Mchewa, basi. Fomuyo imalembedwa tsiku loyamba ntchito, fayilo n'kulowa m'kabati, mwini wake osaionanso mpaka tsiku lopuma pantchito.

Ife a kumapiri kuno ku Dowa ndi Ntchisi tikudziwa kuti kuwerenga kotere kumasocheretsa. Dowa ndi kwa Dzoole, Kayembe ndi Chakhaza, komanso ndi kwa Chiwere ndi Msakambewa, mafumu a Chingoni. Amishoni a Dutch Reformed atafika pa Mvera mu 1889 anakhazikika m'dziko la Chiwere. Ku Ntchisi kuli Nthondo, Kalumo ndi Kasakula, kulinso Vuso Jere. Angoni akuno anakwatirana ndi Achewa kalekale, ndipo lero tonse tikulankhula Chichewa chimodzi.

Tsono taganizani za mwana wobadwa m'maukwati otere. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni. Kwa Angoni mwana ndi wa kuchimuna. Mtsikana amene mayi ake ndi Mchewa wa kwa Kalumo, bambo ake Mngoni wa kwa Chiwere, mbali zonse ziwiri zimati ndi wathu. Zikatembenuka, mayi Mngoni bambo Mchewa, mwambo wa mbali iliyonse ukhoza kumulozera kwina. Nanga kalaliki wa ku Capital Hill angadule bwanji mlandu umene ankhoswe amatha nawo tsiku lonse pansi pa mtengo? Kuyang'ana dzina la bambo sikuthandiza. A Banda ali ku Kasungu, aliponso ku Nkhata Bay. A Jere ali ku Mzimba, aliponso ku Ntchisi.

Sindikunena kuti abwana asamadziwe kwawo kwa wantchito. Chifukwa chomveka chilipo, ndipo chimaonekera pa maliro. Mphunzitsi wamwalira ku Mponela, ofesi yatumiza bokosi ndi galimoto, dalaivala wagwira kapepala kolembedwa mudzi wa bambo a malemu. Atsibweni aima kutsogolo kwa galimoto akuti, "Mwana wathu sapita kumeneko, manda ake ali kwa amayi ake." Azimayi akulira m'siwa, adzukulu akudikira mawu kuti akumbe kuti, mafuta a galimoto anawerengedwa a ulendo wina. Zonsezi chifukwa cha mzere umene malemu analemba ali mnyamata, mwina mothamanga, ndipo palibe anamufunsanso ngakhale kamodzi. Mzere umenewu uyenera kukhala woona, ndipo woukonza ndi mwini wake akadali moyo.

Chondidetsa nkhawa ndi pamene mzerewu uchoka m'kabati n'kukafika patebulo la okweza anthu pantchito ndi osamutsa. Dziko lino linaonapo. Mu 1989 Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kuchigawo chawo, powanamizira kuti sankaphunzitsa bwino ana a m'zigawo zina. Sukulu zambiri za pakati ndi kummwera zinatsala ndi makalasi opanda aphunzitsi, ndipo mabanja ena anagawanika chifukwa mwamuna ndi mkazi anali a zigawo zosiyana. Chimene chinaweruza munthu tsiku limenelo si ntchito yake ayi, koma boma lochokera. Ndondomeko ya kota posankhira ana ku yunivesite, imene inathetsedwa mu 2020, inkayendanso ndi mzere womwewu.

Pa Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa, pakukhala anthu amene angatiuze zoopsa kuposa izi. Ku Rwanda atsamunda a ku Belgium anayamba kulemba mtundu pa ziphaso m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1994 akupha ankaimitsa anthu pamsewu n'kuwerenga ziphaso zomwezo. Chaka chomwecho ndi chimene Dzaleka, yomwe kale inali ndende ya andale, inasanduka msasa wa othawa kwawo. Malawi si Rwanda, koma wolemba fomu lero sadziwa amene adzaiwerenge mawa.

Ena amati popanda kulemba mitundu sitingatsimikize kuti m'maofesi muli kukondera. Mfundo imeneyi ndi yoona ndithu, chifukwa boma lililonse limene lalamulapo lanenedwa kuti ladzaza akwawo m'mipando, ndipo popanda chiwerengero timangokangana pa Facebook. Koma kuwerenga kuli ndi njira yake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Achewa ndi 34 pa 100 alionse, Alomwe 19, Ayao 13, Angoni 10, Atumbuka 9, ndipo lipoti lake silinatchule dzina la munthu. Ku South Africa lamulo la Employment Equity la 1998 lili ndi fomu imene wantchito amadzilembera yekha gulu lake. Ifenso tingawerenge chomwecho: munthu anene yekha, aloledwe kutchula mitundu iwiri kapena kukana kuyankha, ndipo yankho lisungidwe kutali ndi ofunsa mafunso a ntchito.

Malamulo ali kumbali ya wantchito. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho lotengera mtundu kapena kochokera, ndipo gawo 5 la lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa zomwezo polemba, pokweza ndi pochotsa anthu ntchito. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene akuliyang'anira ndi a MACRA, limapatsa munthu ufulu woona zimene ena akusunga zokhudza iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Inu a maofesi oona za antchito, mudzi wa munthu muzitsegulira maliro, tchuthi ndi ulendo wopuma pantchito basi, ndipo wantchito akabwera kudzakonza musamufunse umboni wa mtundu wake. Inu aphunzitsi a ku Madisi, alangizi a zaumoyo a ku Malomo, anamwino a pa Mvera, pitani ku ofesi mwezi uno mukapemphe kuona fayilo yanu. Mukapeza cholakwika lembani kalata yoti akonze, adinde chidindo, ndipo kope lake mukasiye kwa achibale anu.