Maola amene ndinkasewera gemu anali a ndani?

Pa tchuthi chapitachi mnzanga wina wa m'kalasi ananditumizira uthenga: "Aise, ndamva wasiya magemu. Ndiye nthawi yonse ija ukumapanga nayo chani?" Uthengawo unandipeza pa benchi la tomato la mayi anga pamsika wa Chinamwali, m'manja muli chenji cha kasitomala, pambali pali dengu loti ndikasiye kunyumba. Ndinamuyankha usiku, ndipo yankho lakelo ndi limene ndikufuna tikambirane pano, chifukwa m'mahositelo mwathu muno tilipo ambiri amene timati "ndikangosiya gemu, zonse ziyenda." Ine ndikuti kusiya n'kofunika, koma ndi ntchito yochepa. Ntchito yaikulu ndi kugwirizana ndi anthu amene umakhala nawo za maola amene wawombolawo: angati ndi a ganyu, angati ndi a pakhomo, angati ndi ako.

Ndinayamba ndili Fomu 2. Kusekondale ya mishoni kumene ndinkaphunzira foni inali yoletsedwa, ndiye tchuthi chikafika ndinkabwezera. Kuseri kwa mashopu kunali kachipinda kokhala ndi TV ziwiri ndi PlayStation, ndipo tinkalipira pa gemu iliyonse ya FIFA. Wogonja amadzuka, wopambana amakhalabe pampando. Nditapeza foni yangayanga, kachipinda kaja kanasamukira m'thumba: Dream League Soccer masana, eFootball usiku. Nditawerengera mosadzinamiza ndinapeza kuti ndinkasewera maola osachepera atatu patsiku. Pa sabata amenewo ndi maola 21. Pa chaka ndi maola 1,095, omwe ndi masiku 45 athunthu, usana ndi usiku womwe.

Chimene chinandisiyitsa si masamu amenewa. Tsiku lina ndinayenera kuperekeza agogo kuchipatala m'mamawa kuti akatenge mankhwala awo a BP. Ndinagona cha m'ma 2 koloko usiku ndikuthamangitsa chikho cha pafoni, ndipo podzuka dzuwa linali litakwera. Amene anawaperekeza ndi mlongo wanga, yemwe anali Fomu 4 ndipo tsiku limenelo anali ndi mayeso a m'kalasi okonzekera MSCE. Pobwerako sanakalipe. Anangondifunsa akutula chikwama: "Achimwene, kodi inu mumatopa ndi chani?"

Funso limenelo linandionetsa chinthu chimene anyamata ambiri sitifuna kuchiona. Maola amene ndinkasewera aja sanali ongotsala. Panali wina amene ankawalipira. Pamene ine ndinkagoletsa zigoli, madzi ankatungidwa, mbaula inkayatsidwa, mbale zinkatsukidwa, tomato ankapikulidwa ku Songani. Ndinkati ndikuwononga nthawi yanga, chonsecho ndinkadya nthawi ya mlongo wanga ndi ya mayi anga. Ndi atsikana angati m'makomo mwathu amene angakhale maola atatu patsiku ali phee pa foni popanda kuitanidwa? Choncho mnyamata akasiya gemu, asafulumire kunena kuti wapeza nthawi yochitira zake. Gawo lina la nthawiyo ndi ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa.

Sindikunena kuti aliyense wosewera gemu ndi wodwala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la magemu pa mndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11, umene unavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Koma malire ake ndi omveka bwino: munthu akulephera kudziletsa, gemu yaposa zinthu zina zonse za moyo wake, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumupweteka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Ambiri a ife sitinafike pamenepo. Mnzanga amene amasewera gemu imodzi Lamlungu madzulo n'kuzimitsa sindikulimbana naye. Ndikulankhula ndi amene ali ngati ine, amene mawu akuti "imodzi yomaliza" anasiya kalekale kutanthauza imodzi.

Nditafufuta magemu onse m'foni ndinkayembekezera kuti maola 21 aja azindidikirira sabata iliyonse ngati ndalama ya kubanki. Sizinatero. Sabata ziwiri zoyambirira chala chija chinangosamukira ku Facebook ndi TikTok, ndipo bandulo inkatha msanga kuposa kale. Nditachepetsako zimenezo, a pakhomo anaona kuti mnyamata uja tsopano amapezeka. Amayi ankati, "Iwe, poti uli pompano, takandigwirira benchi." Amalume ankaimba kuti ndikawathandize kusenza matumba a feteleza. Anthu oyandikana nafe atamva kuti ndikuphunzira zauphunzitsi anayamba kunditumizira ana kuti ndiwathandize masamu. Palibe pempho limene linali loipa. Koma pofika kumapeto kwa mwezi ndinali wotopa kuposa nthawi ya magemu, ndipo chinthu chimodzi chimene ndinkati ndidzachita ndikadzasiya gemu ndinali ndisanachikhudze n'komwe.

Chinthucho n'chaching'ono. Agogo anga amadziwa nthano zambiri, zina m'Chichewa, zina amazisakaniza ndi Chiyao cha kwawo. Ndakhala ndikufuna kuzilemba m'ziganizo zifupizifupi kuti tsiku lina ndidzawerenge ndi ana a Sitandade 2 ndi 3. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, ndipo aliyense amene analowapo m'kalasi la ana aang'ono akudziwa mmene buku limodzi amalimbiranirana. Ntchito yanga siidzathetsa vuto limenelo. Koma ndi yanga, palibe wandituma, ndipo palibe amene adzandifunse ndikailekera panjira. N'chifukwa chake ndi imene imayamba kufa. Asayinimenti ili ndi mphunzitsi woilondola, ganyu ali ndi mwini ndalama, benchi lili ndi amayi. Ntchito ya mumtima mwako ilibe woilankhulira kupatula iwe wemwe.

Ena anena kuti zimenezi ndi zamanyado: mwana wa m'banja losauka aphunzire, athandize makolo, apeze ndalama, zinazo adzachita akadzayamba ntchito. Ndikuwamvetsa. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wa ife anaona mmene sopo, thiransipoti ndi zofunika za kusukulu zinakwerera. Ola limene ndakhala ndi agogo ndikanatha kuphunzitsa mwana wina n'kupeza kangachepe. Koma agogo ali ndi zaka zoposa 80. Ntchito ya uphunzitsi ikadzapezeka, kodi nthanozo ndidzazimva kwa yani? Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Komanso munthu amene sabata yonse amangochita zotumidwa sachedwa kubwerera ku gemu, chifukwa gemu ndi malo okhawo amene amadzilamulira yekha. Ine ndinatsala pang'ono kubwerera pa chifukwa chimenechi.

Enanso anena zosiyana: makolo asiye kutuma ana a kukoleji, chifukwa maphunziro ndi ntchito kale. Apanso sindikugwirizana nazo kwathunthu. Fizi yanga imachokera pa benchi lomwe lija ndi kwa achibale amene amasonkha. Kukana kugwira benchi m'dzina la sukulu, pamene dzulo lomweli ndinali ndi maola atatu a gemu, kungakhale chipongwe. Vuto si kutumidwa. Vuto ndi kutumidwa kopanda malire odziwika, kumene kumabwera chifukwa sunauze aliyense kuti tsiku lako lili bwanji. Amayi sangalemekeze ola limene sakulidziwa.

Chimene chinandithandiza n'chosavuta, ngakhale kuchiyamba kunandichititsa manyazi. Madzulo ena titadya nsima ndinatenga pepala n'kukhala pansi ndi amayi ndi mlongo wanga. Ndinati, "Amayi, ndikufuna tigawane sabata yanga kuti muzidziwa nthawi imene mungandidalire." Poyamba anaseka, n'kunena kuti za matebulo n'za kusukulu. Koma tinalemba. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa benchi ndi langa mpaka 12 koloko, ndipo iwo amapita kokapikula kapena kumunda. Kutunga madzi ndi kutsuka mbale za madzulo ndinatenga ine mpaka mlongo wanga atalemba mayeso. Masana ndimaphunzitsa ana anayi a Sitandade 7, ndipo makolo awo ndinawauza poyera kuti sindiwonjezera wachisanu. Lachiwiri ndi Lachinayi, ola limodzi titatha kudya, ndi la agogo ndi kope langa, magetsi akhalepo kapena azime. Zadzidzidzi monga maliro ndi matenda zimaphwanya pepalalo, ndipo n'zoyenera kutero. Koma feteleza wa amalume si wadzidzidzi, angathe kudikira Lamlungu.

Chinandidabwitsa n'chakuti pepalalo linapindulira amayi kuposa ine. Kale ankandituma kakhumi patsiku chifukwa sankadziwa ngati ndichita chimodzi. Atadziwa kuti Lolemba m'mawa ndidzakhala pa benchi popanda kundidzutsa, anasiya kundiitana Lachiwiri madzulo. Tsiku lina mnzawo atabwera kudzandipempha kuti ndimulembere kalata, ndinawamva akuyankha okha kuti, "Abwere mawa, pano ali ndi agogo ake."

Ife ophunzira zauphunzitsi tili ndi chifukwa china choganizira nkhaniyi mofatsa. M'phunziro la saikoloje timamva za B. F. Skinner, amene anaonetsa kuti khalidwe limakhazikika likamalandira mphotho, makamaka mphotho yobwera pa nthawi yosadziwika. Opanga magemu amazidziwa bwino zimenezi. Gemu imakuuza pompopompo ngati wachita bwino, imakupatsa ntchito ya mphindi zochepa yokhala ndi mathero, imakukweza pang'onopang'ono, ndipo imakupatsa anzako. Kusesa pakhomo sikukupatsa chikho. Kuwerenga notsi kumabweza mphotho pakatha miyezi inayi. Ukachotsa gemu osaikapo chilichonse chochita zimene gemuyo inkachita, mpatawo umakuitana usiku uliwonse. Ine ndinabera nzeru kwa mdani yemweyo. Kuseri kwa kope langa ndimalemba chizindikiro pa nthano iliyonse imene ndamaliza, ndipo ntchito yaikulu ndimaidula m'zidutswa za theka la ola. Za anzanga ndinazipeza pa mpira weniweni wa pabwalo la fumbi, ndipo kamodzi pa tchuthi timakwera wapansi phiri la Zomba mpaka ku damu la Mulunguzi. Phiri limeneli ndakula ndikuliona tsiku ndi tsiku kuchokera ku Chinamwali, koma ndinali nditalikwerapo kamodzi kokha, pa ulendo wa sukulu.

Ku China boma linalamula mu 2021 kuti ana osafika zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu, komanso pa masiku a tchuthi cha boma. Kuno palibe lamulo lotero, ndipo ngakhale likanakhalapo, ife a zaka 20 silikanatikhudza. Kusekondale belu ndi limene linkatigawira tsiku: lodzukira, lodyera, lowerengera, logonera. Tinkadana nalo, koma linkatiganizira. Kukoleji ndi kunyumba belu kulibe, ndipo ndikuganiza kuti ambiri a ife tinagwera m'magemu osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa sitinaphunzirepo kudziimbira belu tokha. Posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa ana n'kumawauza kuti asunge nthawi. Ndi bwino tiyambe taiyesa pa ife eni.

Sindikufuna kudzionetsa ngati ndapambana. Pa madzulo 16 amene ndinapatula kuti ndikhale ndi agogo, ndinakhala nawo 11. Awiri anadyedwa ndi maliro, limodzi agogo anali atatopa, ndipo awiri ndinangogona ndi foni m'manja. Kuno kukoleji pepala lija ndalilembanso, ndipo sabata ya mayeso limasokonekera. Mnzanga wa chipinda choyandikana ndi changa akamasewera, phokoso la chigoli limandikokabe khutu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: ndinayesa kuwonjezera kuphunzira gitala ndi ulimi wa nkhuku pa nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri ndinazisiya. Ntchito ya mumtima ikhale imodzi mpaka ithe.

Kwa mnzanga amene akuganiza zosiya, pempho langa ndi ili. Usanafufute gemu, werenga maola ako a sabata imodzi mosadzinamiza. Kenako funsa kuti ndani wakhala akugwira ntchito zimene iwe ukanagwira pa maola amenewo, ndipo uyambe wabweza kwa iyeyo. Ukatero patula maola awiri okha pa sabata a chinthu chako, uwatchule dzina, ndipo uuze a kunyumba tsiku ndi nthawi yake. Ukhoza kusekedwa tsiku loyamba. Pirira.

M'kope langa muli nthano zisanu ndi zinayi. Tsiku lonyamuka kubwerera kuno, agogo anandigwira dzanja pakhonde n'kunena kuti ya kalulu ndi chitsime sindinailembe bwino, ndinasiya nyimbo yake. Ndinalonjeza kuti tidzaikonza ndikadzabwera. Mlongo wanga, amene tsopano akudikira zotsatira za mayeso ake, anati Lachiwiri ndi Lachinayi aziwajambula mawu pa foni n'kumanditumizira. Mbale za madzulo ndidzazipeza zikundidikira.