Chibayo sichitha ndi ma capsule awiri a pa kantemba

June akangofika, minibus iliyonse yonyamuka pa Kulima Tower kapena pa City Market simasowa wokhosomola, mawindo ali chitsekere chifukwa cha mphepo. Ambiri chimakhala chimfine chabe, chimene chimatha chokha ndipo sichimva ma antibiotic. Koma chifuwa chikabwera ndi kutentha thupi, kupuma mobanika ndi kubaya m'nthiti pokoka mpweya, mwina ndi chibayo.

Apa m'pamene timalakwira ife a m'tauni. Munthu atsika basi, agula amoxicillin iwiri kapena inayi pa kantemba malinga ndi thumba, amwa, mawa ali pa nchito. Mankhwalawo si olakwika ayi. Amoxicillin ndi amene a ku kiliniki amayambira kupereka kwa wodwala chibayo amene sanafike pogonekedwa. Cholakwika ndi muyeso. Afunika kumwa tsiku lililonse pa nthawi yake, kawirikawiri masiku 5 kapena kuposa, monga adokotala anenera. Thupi likazizira pa tsiku lachiwiri, tizilombo timakhala tisanathe. Mukalekera pamenepo matenda angabwerere, ndipo kumwa mwachisawawa kotere ndiko kumachititsa tizilombo kuleka kumva mankhwala. Manje otsatira ake ndi jekeseni wa ceftriaxone ndi oxygen mu ward.

Wa pa kantemba samvetsera m'chifuwa, komanso sapima makhololo. TB imayamba mofanana ndi chibayo, koma amoxicillin siyichiritsa. Mukakhosomola masabata 2, kapena masiku 3 apita mukumwa mankhwala osasintha, bwererani ku kiliniki. Kupima TB m'zipatala za boma n'kwaulere.

Kwa ana musachedwe. Amai, werengani kupuma kwa mwana kwa mphindi imodzi ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, wa chaka 1 mpaka 5 akafika pa 40, kapena pansi pa nthiti pakamalowa mkati popuma, nyamukani lero lomwe. Akakana kuyamwa, osadikira kuti kuche.

Tidziwa chimene chimathamangitsira anthu ku tuntemba: mzere wa pa kiliniki umadya tsiku lathunthu, ndipo wa piecework tsiku likapita ndiye kuti ndiwo zapita. Nthawi zina umatulukamo ndi kapepala kokha, ati kagule. A Unduna wa Zaumoyo aonetsetse kuti amoxicillin sakusowa m'makiliniki a m'makomboni nyengo yozizira ino, ndipo a ZAMRA ayendere misika kumene ma antibiotic akugulitsidwa limodzi ndi maswiti ndi talktime.