Netiweki Ikavuta ku Liwaladzi, Vuto Limakhala Pati?

Ku Liwaladzi, pa msewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, lamya ya m'manja idaleka kale kukhala chinthu chonyadira. Msodzi amafunsirapo mtengo wa usipa ku Lilongwe asanagulitse, mlimi wa mpunga amalandirirapo ndalama zake, ndipo kholo limamvera pomwepo za mwana amene ali ku Joni. Komabe dandaulo lomwe silitha m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi lakuti netiweki yavuta.

Mawu amenewa amabisa mavuto osiyanasiyana, ndipo munthu wolephera kuwasiyanitsa amataya ndalama. Wina amagula bandulo yachiwiri yoyamba ikadalipo, wina amalipira wokonza mafoni pamene lamya yake ili bwinobwino. Zoona zake n'zakuti vuto limakhala pa malo amodzi mwa atatu: m'lamya momwemo, pa nsanja ya kampani, kapena kunja kwa dziko lino. Loyamba lokhalo ndi limene mwini lamya angathe kulikonza.

Za m'lamya momwemo

Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 adapeza kuti nyumba zopitirira pang'ono theka m'Malawi zidali ndi lamya ya m'manja. Kumudzi zambiri mwa lamyazi ndi za mabatani kapena zina zotsika mtengo, ndipo si zonse zomwe zili ndi mphamvu zofanana. Yang'anani kachilembo komwe kamaoneka pamwamba pa galasi mukatsegula intaneti. G kapena E akutanthauza njira yakale ya 2G, yomwe imakwawa ngati nkhono ndipo imalephera kunyamula zithunzi ndi makanema. 3G kapena H ndi yapakatikati, pamene 4G kapena LTE ndiyo yachangu. Kampani ya TNM idayambitsa 4G mu 2016 ndipo Airtel idatsatira mu 2018, koma lamya yopangidwira 2G yokha singaione 4G ngakhale mutaimirira patsinde pa nsanja.

Musanapite kwa wokonza mafoni, yesani zinthu zinayi. Choyamba, zimitsani lamya ndi kuiyatsanso, kuti ifunefune nsanja mwatsopano. Chachiwiri, ngati ili ndi masimukhadi awiri, onetsetsani kuti intaneti yalozedwa pa simukhadi yomwe ili ndi bandulo. Pa lamya zambiri zotsika mtengo malo achiwiri oikamo simukhadi amangolandira 2G. Chachitatu, funsani mtundu wa bandulo yomwe mudagula, pakuti ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha sitsegula masamba ena, ndipo ya tsiku limodzi imatha ikakwana nthawi ngakhale musanaigwiritse ntchito. Chachinayi, onani deti ndi nthawi. Lamya zina mukachotsa batire zimabwerera ku chaka chakale, tsono masamba otetezedwa amakana kutseguka chifukwa deti silikugwirizana.

Zonsezi zikakhala bwino koma kachilembo kaja osaoneka konse, kawirikawiri ndiye kuti chafufutika ndi chimene amachitcha APN, dzina la khomo lomwe lamya imalowera pa intaneti ya kampani. Ku ofesi ya kampaniyo amachibwezeretsa m'mphindi zochepa. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Pali zina zomwe palibe mmisiri angazikonze. Eni WhatsApp adasiya kuthandiza lamya za Nokia S40 kumapeto kwa 2018, ndipo mu Okutobala 2023 adasiyanso lamya za Android zakale kuposa mtundu wa 5.0. Amene akulonjeza kudzutsa WhatsApp pa lamya yotere akungofuna ndalama zanu. Chimodzimodzinso wifi: lamya zambiri za mabatani zilibe chipangizo chake. Ndipo wifi payokha si intaneti, koma kamlatho kafupi kolumikiza lamya yanu ndi kabokosi kapena lamya ya mnzanu. Bandulo ya mnzanuyo ikatha, lamya yanu idzaonetsabe kuti yalumikizika, koma palibe chimene chidzatseguke.

Za pa nsanja

Timizere ta netiweki timangosonyeza kuti lamya ikumvana ndi nsanja. Sitinena ngati nsanjayo ikumvana ndi dziko lonse. Njira yodziwira ndi yosavuta. Funsani mnansi wa kampani yomweyo, kapena ikani simukhadi yanu m'lamya ina. Onse akamavutika, lamya yanu ilibe mlandu.

Nsanja imadya magetsi usana ndi usiku. Magetsi a ESCOM akazima imadalira mabatire ndi injini ya dizilo, ndipo zonsezi zimatha. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023. M'zaka za 2022 mpaka 2024 mafuta a galimoto adasowanso kangapo kaamba ka kuchepa kwa ndalama zakunja, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zipangizo za pa nsanja zimagulidwa ndi madola, kotero mavuto a chuma cha dziko amafika mpaka m'thumba la malaya a msodzi wa ku Liwaladzi.

Msewu nawo uli ndi mbali yake. Madzi osefukira atavuta dera la Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024, msewu wa M5 udaduka. Msewu womwewo ndiwo umadzera dizilo ndi amisiri okonza nsanja. Pomaliza pali kuchulukana: nsanja imodzi imagawira mphamvu zake onse amene ali pa intaneti nthawi imodzi. N'chifukwa chake uthenga womwe wakana madzulo umapita mosavuta m'mamawa.

Za kunja kwa malire

Nyanja yathu ndi yaikulu, koma sifika ku nyanja ya mchere kumene kumadzera zingwe zikuluzikulu za intaneti. Malawi amalumikizika ku zingwezo kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti idafooka m'maiko angapo a chigawo chino, Malawi ali momwemo. Pa tsiku ngati limenelo kuimba kumatheka, ndipo manambala achidule monga *211# wa Airtel Money ndi *444# wa Mpamba kawirikawiri amagwirabe ntchito chifukwa safuna bandulo. Zikatero chofunika n'kudekha, osati kugula bandulo ina.

Nanga amalipira ndani?

Apa m'pamene pagona nkhani. Pa malo atatu aja, awiri sali m'manja mwa wogula, komatu ndiye amene amaluza. Bandulo ya tsiku limodzi imatha ngakhale nsanja itagona tsiku lonse. Munthu wosauka sangathe kugula ya mwezi, motero ndiye woyamba kupsa. Chilungamo chikufuna kuti maola otayika chifukwa cha vuto la kampani azibwezedwa kwa wogula.

Kudandaula si kutaya nthawi. Boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pa lamya ndi intaneti mu 2015, ndipo mitengo idali yowawa. Koma Amalawi atafuula pamodzi mu 2020, makampani adatsitsa mitengo ina. Ndiponso lamulo loona za mauthenga la chaka cha 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa bungwe la MACRA, kuti lithandize kufikitsa netiweki kumadera kumene makampani saonako phindu. Midzi yotalikira msewu, cha kumapiri a nkhalango ya Nkhotakota, ili ndi ufulu wofunsa kuti thumbalo laipindulira chiyani.

Koma dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo ya mwera. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi itakhala ndi kope lolembamo tsiku, ola, malo ndi kampani nthawi iliyonse netiweki ikasowa, pakatha miyezi itatu ingakhale ndi umboni wopita nawo ku kampani, kwa khansala ndi phungu, ndipo zikakanika, ku MACRA. Mutu umodzi susenza denga.

Chenjezo lotsiriza ndi ili: pamene anthu akuvutika, akathyali sagona. Wina akakuimbirani kuti akukonzerani netiweki ndipo akufuna nambala yanu yachinsinsi ya ndalama, dulani lamya. Kukonza netiweki sikufuna nambala imeneyo, ndipo ngakhale wokonza mafoni wa pa msika sayenera kuidziwa.