Utoto wa m'Dothi Lathu

Mwa alendo amene amafika ku Nkwali kudzaona nyama za m'chigwa cha Luangwa, alipo ena amene amakhala phee m'mphepete mwa mtsinje ndi kabokosi ka utoto wosungunula ndi madzi, kujambula mvuu. Ana athu amangopenya, poganiza kuti luso lotere ndi la anthu a ndalama. Maganizo amenewa akukwirira mphatso za ana ambiri.

Kodi m'kabokosimo muli chiyani? Kwenikweni muli zinthu ziwiri: ufa wa mitundumitundu, ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, umene wambiri umachokera ku Sudan. Utomoniwo ndiwo umamatiza ufa uja papepala madzi akauma. Nanga mithethe yasowa m'chigwa muno? Katondo apatsa kufiira, makala apatsa kuda, ndipo amayi okongoletsa zipupa za nyumba amadziwa kale kokumba dothi lachikasu. Sinjani dothilo, mulisefe pa kansalu, kenaka mulisakanize ndi utomoni umene wagonera m'madzi. Kamtengo kotafunidwa kunsonga ngati mswachi kakwanira kukhala burashi.

Chimene chimavuta oyamba kumene ndi choyera. Pa utoto wa madzi, choyera ndi pepala lenilenilo. Mukalidetsa, kulibweza n'kovuta. Ndiye chifukwa chake wojambula amayamba ndi utoto wa madzi ambiri, nathera ndi wakuda. Ofuna kuteteza malo oyera awapake kandulo, pakuti utoto sugwira pa phula. Nzeru yofanana nayo amaigwiritsa ntchito a Tribal Textiles, amene anayamba mu 1991 ndipo amadziwika ku Mfuwe konkuno: amalemba pansalu ndi phala la ufa, naliumitsa padzuwa, napaka utoto, kenaka n'kupala phala lija, mizere n'kutsala mbee!

Dzuwa lathu nalo lili ndi mawu ake. Mwezi wa October madzi amauma burashi isanabwerenso papepala, ndipo chithunzi chimatuluka mawangamawanga. Jambulani m'mamawa.

Asakunamizeni munthu kuti utoto umenewu ndi choseweretsa. Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a zaluso a Kungoni ku Mua, m'Malawi, mu 1976, anasunga nawo maonekedwe a zilombo zambiri za gule wamkulu.

Achinyamata a m'mudzi umodzi angathe kumakumana Loweruka, aliyense ndi dothi la kwawo, n'kumaphunzitsana. Chofunika kusonkherana ndalama ndi pepala lochindikala lokha, popeza la m'kope la kusukulu limachita makwinya likangonyowa.