Mawu a Mkonzi: Ku Katete ganyu apezeka mu Januwale, asowa mu Okutobala

Amene wayendapo m'mamawa mwezi wa Januwale pa msewu wochoka pa Katete boma kupita ku Chanida anawaona anthuwa. Amayi ndi abambo, makasu paphewa, ena mwana kumsana, akukoka phazi kuti dzuwa lisawatulukire panjira. Minda yawo aisiya kumbuyo, udzu uli m'mawondo, chimanga chitayamba chikasu. Akupita kukapalira kwa mnzawo amene nkhokwe yake ikadali ndi kanthu, kuti madzulo abwerere ndi meda ya chimanga kapena gaga. Mukadutsanso msewu womwewo mu Okutobala, anthu omwewo muwapeza pansi pa mtengo wa mango, anyamata ali pa nsolo, ndipo palibe wowaitana ngakhale pa ntchito ya tsiku limodzi.

Nyuzipepala ino ikuona kuti vuto lalikulu la ntchito m'maboma a kumidzi muno m'Chigawo cha Kum'mawa lagona pa nyengo. Ganyu amachuluka pamene munthu akufunika kumunda kwake, ndipo amatheratu pamene manja ali omasuka. Aliyense wogwira ndalama za boma, kuyambira khansala mpaka phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, akadayamba kuyang'ana pamenepa asanalankhule za ntchito za achinyamata.

Mabuku a boma sangakuonetseni zimenezi msanga. Bungwe la ZamStats likamafufuza za anthu apantchito, limatsata muyezo wa mayiko onse: munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi m'sabata ya kafukufuku amawerengedwa kuti ali pantchito. Wosowa ntchito ndi uja amene alibe ntchito, akuifunafuna, ndipo ali wokonzeka kuyamba. Tsono mayi wa kwa Kawaza amene wapalira ndime imodzi Lachiwiri n'kulandira kangachepe, m'bukumo ali pantchito. Mnyamata wa kwa Mbang'ombe amene anasiya kufunafuna chifukwa palibe khomo loti akagogode, sali pagulu la osowa ntchito, wangotuluka m'chiwerengero. Owerengawo sakunama ayi, koma muyezo wawo unapangidwira malo amene kuli mafakitale ndi makalata ofunsira ntchito. Kuno funso loyenera ndi lakuti, pa miyezi 12 ya chaka, ndi ingati imene munthu amagwira ntchito yomudyetsa iye ndi ana ake.

Tione mmene ganyu amadyera mwini wake. Banja limene chakudya chatha mu Disembala silingadikire. Bambo ndi mayi amapita kukapalira kwa wina sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo sabata zimenezo ndi zomwe chimanga chawo chikupikisana ndi udzu. Akamabwerera kumunda kwawo, nthawi yothira feteleza wachiwiri yadutsa, ngati fetelezayo sanamugulitse kale kuti agule ufa. Zokolola zimachepa, nkhokwe imatha msanga kuposa chaka chatha, ndipo chaka chamawa ganyu amayamba mu Novembala. Mtengo wa ganyu nawo sukambidwa ngati malonda a anthu awiri ofanana. Ofuna ndime ndi ambiri, wopereka ndi mmodzi, ndipo wina wasiya ana kunyumba osadya dzulo. Amene akanakana mtengowo amadziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu asanu oti auvomera. Ena amathawira ku kaloba, kutenga thumba limodzi mu Febuluwale n'kudzabweza awiri pokolola. Ena amagulitsiratu soya akadali m'munda kwa ogula oyendayenda ndi sikelo zawo.

Sitikunyoza wolemba ganyu. Nthawi zambiri ndi mlimi mnzathu, mwina mlamu kapena msuweni, amene naye ali ndi ngongole ya fodya kapena ya thonje pakhosi. Popanda iye, mabanja ena sakadafika mwezi wa Malichi. Koma chifundo cha mnansi sichingakhale ndondomeko ya ntchito ya boma lonse.

Chigawo chino chinazolowera kalekale kutumiza manja ake kutali. Angoni a Mpezeni atagonja kwa azungu mu 1898, sipanapite zaka zambiri msonkho wa nyumba unafika, ndipo msonkhowo unkafuna ndalama imene mudzi sunali kupanga. Malo ambiri achonde ozungulira Fort Jameson anagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi alimi achizungu a fodya. Amuna anayamba ulendo wa ku Halale, ku migodi ya Wankie, ku Joni, kenako ku migodi ya mkuwa. Mawu akuti mtchona anabadwira m'maulendo amenewa. Boma la Kaunda linayesako kubweretsa fakitale kuno, ndipo achikulire akukumbukira njinga za Eagle zimene zinkamangidwa ku Luangwa Industries ku Chipata. Lero njinga zimene anyamata akunyamulira anthu ndi makala n'zochokera kunja. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, ndipo chipata cha pamalire cha Mwami chinamangidwa mwatsopano n'kutsegulidwa mu 2022, koma mnyamata wa ku Katete akafuna ntchito ya pamwezi amakwerabe basi ya ku Lusaka, kukakhala kwa achibale ku Mtendere kapena ku Chawama, kukalondera nyumba za ena usiku. Mlongo wake amatengedwa akadali wamng'ono kukalera ana a eni ake.

Ntchito za pamwezi m'boma la Katete mungaziwerenge osatopa: aziphunzitsi, anamwino ndi ena a pa chipatala cha St Francis ndi m'makiliniki, apolisi, a ku khonsolo, alangizi a zaulimi, ndi ogulitsa m'masitolo a pa boma. Boma litalemba aziphunzitsi oposa 30,000 ndi a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, tinayamikira ndipo tikuyamikirabe. Koma ziwerengero zimenezo zinali za dziko lonse, pamene chigawo chino chokha, malinga ndi kalembera wa 2022, chili ndi anthu oposa 2.4 miliyoni. Ntchitozo zinkafunanso mapepala a ku koleji. Mnyamata amene analekera giredi 7 kapena 9, amene ndiye wochuluka m'midzi, sanaone kusintha kulikonse.

Zotsala ndi ntchito za nyengo. Pokolola pamafunika osankha fodya, onyamula matumba m'madepoti a bungwe la boma logula chimanga la FRA, olemba pa misika ya thonje, ogwira ntchito m'makina opunthira thonje ndi oyengera mafuta a mpendadzuwa. Zimenezi zimayamba cha mu Meyi, pofika Seputembala zambiri zatseka. Ngakhale ku Mfuwe, kumene ena amathamangira, misasa yambiri ya alendo ya m'kati mwa nkhalango imatseka mvula ikayamba. Mbewu zathu zambiri zimatuluka m'chigawo zili zosaphika. Mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimakwera malole pa Great East Road, ndipo ntchito yozigaya, kuziyenga ndi kuziika m'mabotolo imakapatsidwa kwa anthu ena kutali. A COMACO ku Chipata aonetsa kuti chiponde cha mtedza wathu chingapangidwe konkuno n'kugulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Koma fakitale imodzi kapena ziwiri sizingadyetse chigawo chonse.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino powerenga. Lamulo la Employment Code la 2019 limaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhazikika, ndipo limafuna kuti ngakhale pangano la pakamwa lilembedwe m'kaundula wa wolemba ntchito. Mu Januwale 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pamwezi. Wolemba ntchito ayenera kudula magawo 5 pa 100 aliwonse n'kuwonjezapo ake 5 kupita ku bungwe la penshoni la NAPSA. Funsani mtsikana wa pa sitolo, mnyamata wa pa chigayo, kapena wosonkha moto pa balani ya fodya ngati anaonapo nambala yake ya NAPSA. Ambiri angokusekani. Sadandaula kwa wina aliyense chifukwa wolemba ntchitoyo ndi wodziwika m'dera, ndipo ndalama yokwerera galimoto kupita ku ofesi ya zantchito ikhoza kuposa malipiro amene akukadandaulawo. Woyang'anira zantchito amene amangodikira anthu pa desiki sadzawaona anthu otere. Ayenera kupatsidwa mafuta ndi njinga yamoto, azifika pa misika pa masiku a malonda, ndipo azilankhula pa wailesi m'chilankhulo chimene anthu amamva.

Pali ntchito ina imene sitikonda kuitchula dzina lake. M'midzi ya kuno mwana wamwamuna amaperekedwa kukaweta ng'ombe za wina kwa zaka zitatu kapena zinayi, kuti pamapeto alandire ng'ombe imodzi. Makolo amati mwana akupeza chuma. Pa zaka zomwezo anzake amaphunzira kuwerenga, ndipo iye amadzalowa ukulu ndi ng'ombe imodzi, imene matenda a nkhupakupa angathe kuipha usiku umodzi. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, kotero chifukwa cha fizi chinachoka. Chimene chatsala ndi njala ya pakhomo, yomweyo imene imatumiza mayi ake ku ganyu.

Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kanthu. Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale chaka chimenecho kuti dziko lili pa ngozi, boma linayambitsa ntchito zachitukuko zolipira ndalama, zija za Cash for Work. Munthu ankagwira masiku 10 n'kulandira K600. Ndalamayo sinkakwana matumba awiri a chimanga pa mtengo wa FRA wa chaka chimenecho wa K330 pa thumba la makilogalamu 50, ndipo m'malo ena inkachedwa kufika. Ntchito zina zinali zongotchetcha udzu m'mbali mwa msewu. Komabe waganyu anali ndi kwina kopita, ndipo munthu amene ali ndi kwina kopita amatha kukana ndime ya meda imodzi.

Apa ndi pamene thumba la chitukuko cha madera a aphungu, la CDF, likulowa. Thumbali linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2021, linakwera kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linali pa K36.1 miliyoni. Chaka chimenecho Katete anali ndi madera awiri, Mkaika ndi Milanzi, kutanthauza ndalama zoposa K72 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma la Katete silinaonepo ndalama zotere zikudutsa pa khonsolo yake. Timaona makalasi, madesiki ndi mijigo, ndipo zonsezi n'zofunika. Chimene sitimva m'malipoti ndi kuchuluka kwa masiku a ntchito amene anthu a m'dera anagwira, mwezi umene anagwira, ndi tsiku limene analipidwa. Kontilakita akabwera ndi anyamata ake kuchokera kutali, n'kusiyira eni mudzi kutunga madzi ndi kututa mchenga mwaulere m'dzina la chitukuko, khoma limaimadi, koma ndalama ya ntchito imabwerera kumene inachokera.

Pempho lathu kwa makomiti a CDF ndi a chitukuko a m'mawodi n'lakuti ntchito za manja ziikidwe pakati pa Ogasiti ndi Novembala, anthu atamaliza kukolola ndi kugulitsa, mvula isanagwe. Miyezi imeneyi ndiyo yabwino kukumba ndi kuyeretsa madamu ang'onoang'ono, kukonza misewu ya kuminda ndi timilatho, kuumba njerwa, ndi kumanga ngalande za m'madimba. Chimanga chimakhalanso chisanakwere mtengo, kotero K600 ya mu Seputembala imagula zambiri kuposa K600 ya mu Febuluwale. Banja limene lasunga matumba awiri ndi ndalama ya mbewu mu Okutobala lidzapalira munda wake mu Januwale. Damu limene lakumbidwa lidzapereka ntchito ya tomato, anyezi ndi repu m'chilimwe chotsatira, nthawi imene lero anthu amangokhala. Malipiro aziperekedwa pasanathe sabata ziwiri, pa foni ya wogwira ntchitoyo, osadzera m'thumba la kapitawo.

Ndalama za maphunziro a luso nazo zifunika diso. Kutumiza achinyamata ku Chipata Trades kapena ku koleji ya zamalonda a zaulimi ya pa Katete pompano n'kwanzeru. Koma wodi imodzi ikaphunzitsa osoka zovala khumi pamene salaula wadzaza msika, ikuwakonzera kukhala pansi pa mango womwe uja. M'midzi mukusowa okonza mijigo, okonza mapampu a sola, okonza zigayo ndi njinga zamoto, ndi odziwa kubaya katemera nkhuku ndi mbuzi. Amene amaliza maphunziro otere ndiwo ayenera kukhala oyamba kuitanidwa khonsolo ikakhala ndi ntchito, ndi zida zawo m'manja.

Mwambo wa Kulamba ukatha ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, anthu amabwerera m'midzi kukadikira mvula miyezi itatu. Nyuzipepala ino idzapita kwa makhansala a Mkaika ndi Milanzi kukafunsa mndandanda wa ntchito za manja zimene akonza m'miyezi imeneyo, chiwerengero cha anthu a m'wodi amene adzalembedwe, ndi malipiro a tsiku limodzi. Mayankho awo tidzawasindikiza wodi ndi wodi, ndipo wodi imene sidzayankha tidzaitchula.